Etymonline: kumene mungafufuze gwero la mayina a mpondamatiki

Kwa amene akufuna kudziwa kumene anachokera mawu a Chingelezi otchulira anthu a chuma ndi mphamvu, tsamba la pa intaneti la Etymonline, lomwe anakonza Douglas Harper, ndi poyambira pabwino. Ndi laulere. Mumangolemba liwulo m'kabokosi kofufuzira, n'kuona chinenero chimene linachokera, tanthauzo lake loyamba ndi chaka.

Yesani tycoon. Ndi liwu la Chijapani, taikun, "mbuye wamkulu", dzina laulemu limene ankatchulira shogun, mkulu wa asilikali wolamulira Japan, pouza alendo. Ku America othandiza a Pulezidenti Abraham Lincoln ankamutchula choncho mwanthabwala, ndipo amalonda akuluakulu analitengera pambuyo pake. Nabob ndiye lokoma kulondola: linachokera ku nawab, nduna yolamulira chigawo ku India, kenaka Angelezi anayamba kunyozera nalo anzawo obwerako ndi chuma chosadziwika bwino kapezedwe kake. Mogul ndi mafumu a Mughal a ku India, amene ufumu wawo unayamba ndi Babur mu 1526, ndipo muzu wake ndi dzina la Amongolia. Magnate n'losavuta: magnus, "wamkulu" m'Chilatini. Oligarch ndi Chigiriki, mmodzi wa anthu ochepa olamulira.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa zaka. Chaka cholembedwa pambali pa liwu si chimene linabadwa, koma chimene linapezeka koyamba m'zolembedwa zomwe zilipobe; pakamwa pa anthu likhoza kukhala lakale kuposa pamenepo. Chachiwiri, mawu ofanana kalembedwe amaikidwa padera. Pali mogul wina wotanthauza kachulu ka chipale chofewa pa malo otsetserekapo, wosakhudzana n'komwe ndi India, ndiye werengani onse musanatenge. Liwu lokhala ndi kanyenyezi kutsogolo silinapezeke lolembedwa, akatswiri anachita kuliyerekeza.

Chofooka cha tsambali n'chakuti mafotokozedwe ndi othinana, odzaza zidule, ndipo kawirikawiri pansi pa liwu sipaoneka buku lenileni pamene mfundo iliyonse yatengedwa. Wolemba kafukufuku atsimikize kaye mu dikishonale yaikulu. Tsambali silinena bwinonso ngati liwu ndi lotamanda kapena lonyoza masiku ano, chonsecho kutcha munthu oligarch sikufanana ndi kumutcha magnate.

Ndipo ndi la Chingelezi chokha. Khumutcha simumupezamo, ngakhalenso mpondamatiki weniweniyo, woponda matiki, tindalama takale ta mapeni atatu.