WCG IRB ndi Advarra: ntchito imayenda msanga, koma ndalama zimathera pa zosintha

Ku United States, kafukufuku woyesa mankhwala pa anthu sangalembe munthu ngakhale mmodzi asanavomerezedwe ndi komiti yoteteza ufulu ndi moyo wa otenga nawo mbali, imene kumeneko amaitcha IRB. Kale ntchitoyi inkagwiridwa kwambiri ndi makomiti a m'mayunivesite ndi m'zipatala. Lero yambiri yapita kumakampani olipiritsa. Lipoti la mu 2023 la GAO, ofesi younika kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, linaonetsa kuti makomiti oima paokhawa ankaunika kafukufuku wa mankhwala atsopano 25 mwa 100 alionse mu 2012, ndipo pofika 2021 anafika pa 48. Akuluakulu ake ndi awiri: WCG IRB, yomwe mizu yake ndi Western IRB ya mu 1968, ndi Advarra, yomwe inabadwa mu 2017 Chesapeake IRB ndi Schulman IRB zitaphatikizana.

Ubwino wawo sitingaukane. Pamene komiti ya payunivesite nthawi zambiri imakhala pansi kamodzi kapena kawiri pamwezi, makampaniwa amakumana kangapo pamlungu, ndipo zikalata zonse zimatumizidwa pa intaneti, moti woyendetsa kafukufuku amaona yekha pamene pempho lake lafika. Malamulo amene amatsata ndi omwewo a komiti ina iliyonse: mamembala osachepera asanu, mmodzi wosakhala wasayansi, mmodzi wochokera kunja kwa bungwelo. Makampani onse awiri ndi ovomerezedwa ndi AAHRPP, bungwe loima palokha lotsimikizira kuti makomiti otere akuteteza bwino otenga nawo mbali. Pa kafukufuku wochitikira m'zipatala zambiri ndiye amathandiza zedi, chifukwa kuyambira pa 25 January 2018 NIH, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, limafuna kuti kafukufuku wotere, ngati ndalama zake zikuchokera kwa iwo, aunikidwe ndi komiti imodzi yokha, ndipo malamulo a boma otchedwa Common Rule anayamba kufuna zomwezo pa 20 January 2020. Komiti zambiri za m'mayunivesite zilibe antchito okwanira kusenza mtolo wa zipatala makumi awiri.

Vuto lili pa mmene anthu amalembera bajeti. Ambiri amafunsa mtengo wa kuunika koyamba, n'kulemba mzere umodzi, basi. Koma makampaniwa amalipiritsa ngati mita ya madzi: chilichonse chodutsa m'manja mwawo chimawerengedwa. Pali mtengo wounika ndondomeko ya kafukufuku, wina wovomereza chipatala chilichonse pamodzi ndi dokotala wotsogolera pamalopo, wina wa kusintha kulikonse m'ndondomeko kapena mufomu yachilolezo imene wodwala amasayina povomera kulowa m'kafukufuku, wina wa fomu yomasuliridwa m'chilankhulo china, wa zolengeza zoitanira anthu, wa kusintha dokotala wotsogolera, wa kuunikanso kwa chaka ndi chaka, mpaka wotsekera kafukufuku. Komanso dziwani kuti mumalipira kuunika, osati kuvomerezedwa. Komiti ikakana, invoisi ibwerabe.

Tiyeni tiwerenge ndi chitsanzo chongoyerekeza. Kafukufuku wa zaka zitatu m'zipatala 12, mafomu ali m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, ndipo mndandanda wa mitengo ukulipiritsa chipatala chilichonse pachokha. Poyambira pali zolipira 13: ndondomeko imodzi ndi zipatala 12. Kuunikanso kumapeto kwa chaka choyamba ndi chachiwiri ndi 26. Ndondomeko ikasintha kawiri m'njira yokhudza fomu yachilolezo, ndi zina 26, popeza fomu ya chipatala chilichonse ili ndi dzina la dokotala wake ndi nambala zake za foni, ndiye iyenera kutulukanso yatsopano. Mafomu a Chisipanishi aunikidwa katatu m'zipatala 12, zomwe ndi 36. Kutseka ndi 13. Zonse pamodzi 114, ndipo zija munaziika mubajeti zinali 13 zokha. Mitengo yake si yofanana, kuunika koyamba ndiko kokwera, koma timizere ting'onoting'ono timeneti tikachulukana timatha kuposa mtengo woyambira uja. Kulemba anthu kukachedwa, kafukufuku n'kulowa m'chaka chachinayi, onjezani 13 zina pamtengo wa chaka chimenecho, chifukwa mitengo imakonda kukwera ndipo kontrakiti ikapanda kunena kanthu, mulipira watsopano.

Wina anganene kuti ndondomeko yake siidzasintha. Kafukufuku wa Tufts Center for the Study of Drug Development wa mu 2016 anapeza kuti ndondomeko 57 mwa 100 zilizonse zinasinthidwa kwambiri kamodzi kapena kuposa. Ife timalangiza kuika mubajeti kusintha kumodzi kapena kuwiri pachaka, ndi kusonkhanitsa zosintha zing'onozing'ono kuti zipite pamodzi m'malo motumiza imodziimodzi. Zokhudza chitetezo cha odwala zokha ndi zimene siziyenera kudikira zinzake.

Pa kuunikanso kwa chaka ndi chaka anthu amasokonezeka kwambiri. Common Rule yokonzedwanso, imene inayamba kugwira ntchito pa 21 January 2019, inachotsa kuunikaku pa kafukufuku wa chiopsezo chochepa wounikidwa m'njira yachidule, popanda komiti yonse kukhala pansi, komanso pa amene wangotsala ndi kusanthula zotsatira. Koma kafukufuku wa mankhwala ali pansi pa FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala, ndipo lamulo lake la 21 CFR 56 limafunabe kuti aunikidwe kamodzi pachaka kapena kuposa apo. Amene wachotsa mzerewu mubajeti poganiza kuti lamulo linafewa adzapeza kuti ndalama zaperewera. Ndipo tsiku la chilolezo likadutsa lipoti la chaka ndi chaka lisanaunikidwe, kulemba anthu atsopano kumaima, ntchito zina zonse n'kuimanso kupatula zimene kuzisiya kungavulaze odwala amene alowa kale. Malipiro a anamwino ndi oyendetsa kafukufuku amapitirirabe masiku onsewo.

Pali ndalama zinanso zimene simungazione pamndandanda wa WCG kapena wa Advarra chifukwa si zawo. Yunivesite kapena chipatala chikapereka udindo wounika kukomiti yakunja, chimaonabe nkhani zapamalo: maphunziro a ochita kafukufuku, ngati ali ndi phindu lawo pakampani ya mankhwalayo, mawu a mufomu onena za amene alipire munthu akavulala. Mabungwe ambiri amalipiritsa ntchito imeneyi paokha, ndiye mumalipira mbali ziwiri. Womasulira mafomu naye ndi wolipidwa, pamodzi ndi kalata yotsimikizira kuti kumasulirako n'kolondola. Nthawi ya wantchito wokonza zikalata, woyankha mafunso a komiti ndi wofotokozeranso odwala fomu yatsopano kuti asayinenso ndi imene imaiwalika koposa zonse. Mukontrakiti ndi kampani ya mankhwala, onetsetsani kuti ndalama za IRB zalembedwa paderadera, zolipidwa malinga ndi invoisi, ndiponso kuti ndalama zokonzekera sizibwezedwa ngakhale chipatala chanu chisapeze wodwala ndi mmodzi yemwe. Ofunsira ndalama ku NIH apemphe mtengo wolembedwa asanatumize pempho lawo, chifukwa ndalama za komiti yolipiritsa zimaloledwa kulowa mubajeti koma n'zovuta kuziwonjezera pambuyo. Kafukufuku akakhala ndi zipatala m'mayiko ena, chilolezo cha ku United States sichilowa m'malo mwa komiti ya dziko limenelo, yomwe ili ndi mitengo yake ndi nthawi yake.

Nkhani imodzi imatidetsabe nkhawa: amene amalipira komiti ndi yemweyo amene akufuna chilolezo. Mu 2009 GAO inapanga kafukufuku wabodza wa chipangizo chachipatala n'kumutumiza kumakomiti atatu olipiritsa. Awiri anamukana, koma Coast IRB inamuvomereza, ndipo inatseka chaka chomwecho. Izi sizikutanthauza kuti makampani a lero amaunika mosasamala, koma n'chifukwa chake dokotala wotsogolera ayenera kuwerenga yekha fomu yachilolezo ndi maso a wodwala, osangodalira chidindo.

Kwa kafukufuku wa zipatala zambiri, kapena wa kampani imene ikuthamangitsana ndi nthawi, ntchito ya makampani awiriwa ndi yoyenera mtengo wake, ndipo kusiyana kwawo kumaoneka kwambiri pa mmene amawerengera zosintha ndi zipatala zowonjezera, choncho pemphani mindandanda yonse iwiri muiyeze ndi chiwerengero cha kafukufuku wanu. Kwa wophunzira kapena dokotala wochita kafukufuku wamng'ono pachipatala chimodzi popanda kampani yomuthandiza, komiti ya pabungwe lake ndiyo yabwino, popeza mayunivesite ambiri salipiritsa kafukufuku wotere.