iNaturalist pa nsomba za m'mitsinje yathu: imathandiza, koma musaikhulupirire yokha

iNaturalist ndi pulogalamu yaulere ya pafoni. Mumajambula nsomba, foni imalemba tsiku ndi malo, kenaka pulogalamuyo imapereka mayina amene ikuganizira. Anthu ena odziwa nsomba amabwera kudzavomereza kapena kutsutsa, ndipo dzina limakhazikika akagwirizana oposa magawo awiri mwa atatu a iwo. Mbali yabwino kwambiri ndi anthuwa, osati kompyuta.

Pa nsomba zooneka mosiyana imachita bwino. Mlamba siusowa: chipsepse chapamsana chachitali mpaka pafupi ndi mchira, pamene kampango ali ndi chachifupi komanso china chamafuta kumbuyo kwake. Mavuto amayamba pa makumba ndi abale ake. Makumba enieni, Oreochromis shiranus, nthawi zambiri amakhala ndi minga inayi pa chipsepse cha pansi chakumchira, pamene Oreochromis mossambicus wa kumunsi kwa Shire ali ndi itatu. Chipsepsecho chikapindika pachithunzi, kompyuta imangolota, ndipo munthu wodziwa amangosiyira pa Oreochromis, dzina la gulu lonselo. Matemba ndiye ovutitsitsa, chifukwa dzina limodzili tikutchulira mitundu yambiri ya Enteromius yofanana ngati mapasa.

Choncho chithunzi chimodzi sichikwana. Jambulani zitatu nsomba ikadali yonyowa: chathunthu chammbali itagona pafupi ndi lula kapena bokosi la machesi, china cha mutu kuti pakamwa ndi ndevu zioneke, chomaliza mutatambasula zipsepse ndi zala. Pewani dzuwa lamasana, mamba amanyezimira mpaka sawerengeka, chonsecho mamba ang'onoang'ono ndiwo amasiyanitsa mpasa ndi sanjika. Yowamba kapena youma musataye nayo bandulo.

Cholakwa chachikulu ndi malo. Foni imalemba pamene mwaima, ndiye mukajambulira kumsika wa ku Limbe nsomba yochokera ku Elephant Marsh, mapu a pulogalamuyi adzanena kuti imakhala mu Blantyre. Sunthani chizindikiro cha malo pamapupo chikhale pamene inagwidwa. Izi n'zofunika chifukwa Shire ndi ngati mitsinje iwiri. Mathithi a Kapichira amatchinga nsomba za ku Zambezi kuti zisakwere, motero za ku Chikwawa ndi Nsanje n'zosiyana ndi za ku Liwonde, zomwe ndi za m'banja la nyanja ya Malawi. Mcheni wa mano akuthwa wa ku chigwa cha Shire ndi Hydrocynus vittatus. Mcheni wa kunyanja ndi Rhamphochromis, nsomba ina kotheratu. Musadalire dzina la Chichewa lokha posaka, yang'ananinso lasayansi.

Nyengo nayo iganizireni. Mpasa amakhala m'nyanja, amangokwera mitsinje ngati Bua ndi North Rukuru kukaswana, ndiye kusaoneka kwake pamapu mwezi wina sikutanthauza kuti kulibe. Mapuwo amaonetsa kumene kwafika anthu a mafoni, osati kumene kuli nsomba kokha.

Kumadambo kopanda netiweki, jambulani ndi kamera ya foni mutayatsa GPS, mudzatumize mukafika kunyumba. Kwa alangizi a zausodzi, ophunzira ndi makomiti a m'madoko, ndi chida choyenera kukhala nacho, bola dzina la kompyuta muzilitenga ngati poyambira, n'kufunsanso msodzi wakale wa padokopo.