Macbeth wa manotsi pambali: ngwabwino, koma pa Macduff wathamanga

Amene muli ndi ana okonzekera MSCE mukudziwa kuti Macbeth, sewero lija la Shakespeare, sathawika. Ine ndinagulira mwana wa achemwali anga amene ndikukhala naye, ndipo ndinasankha mtundu uja wa manotsi pambali: tsamba lakumanja kuli mawu a sewero, lakumanzere kuli matanthauzo a mawu ovuta, chidule cha zochitika ndi timafunso. Ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku pakhonde la sitolo ku Limbe, lakale koma masamba onse alimo. Musanatulutse ndalama, tsegulani pakati muone zilembo. Ambiri omwe anali pamulupo anali a fotokope, omata ndi guluu wosachedwa kumatuka. Langali chikuto n'chopindika, ndipo mwini wake woyamba analemberamo ndi bolopeni yofiira mpaka kumapeto kwa Act 2, kenako mphwayi zinamugwira.

Kayalidwe ka masambaka n'kothandiza zedi. Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1606, ndipo Chingerezi cha nthawi imeneyo chimabalalitsa ngakhale ife akuluakulu. Apa mwana sataya nthawi ndi dikishonale, diso limangodumphira kumanzere n'kubwerera.

Manotsi agwira ntchito yotamandika pa Act 2. Amamukumbutsa mwana chinthu chimene ambiri sachiona: imfa ya Duncan, mfumu ya ku Scotland imene Macbeth akuipha, sitiionera. Macbeth amalowa m'chipinda, n'kutuluka manja ali magazi okhaokha, basi. Zonse zimene wolemba akufuna tione zimayamba munthu atafa kale. Macbeth akudandaula kuti mawu oti Amen anamukanirira pakhosi, akuti wamva liwu lomuuza kuti sadzagonanso, ndipo m'chipwirikiticho watuluka ndi mipeni imene anayenera kuisiya pafupi ndi alonda. Mkazi wake ndiye akuilanda n'kuibweza, akumunyoza kuti ndi wamantha, ati timadzi pang'ono tichotsa zonsezi. Mayi yemweyo pofika Act 5 akuyenda ali m'tulo, akupukuta m'manja mosalekeza, dokotala akungoyang'ana wopanda chochita. Bukuli lili ndi kafunso kouza mwana kuti aike malo awiriwa pamodzi, ndipo mwana wa kwathuyu atatero anakhala chete kaye, kenako n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, ndiye kuti anavutika kwambiri ndi mkaziyu." Tinatsutsana mpaka nsima kuzizira.

Ndinakondanso kuti manotsi sanakokomeze za afiti atatu aja. Ana athu akangomva za ufiti amaponya mlandu wonse pamenepo. Koma werengani bwino, afitiwo sanamuuze Macbeth kuti akaphe munthu. Anangomuuza kuti adzakhala mfumu, mpeni anautola yekha. Ndipo atapha mmodzi sanathenso kuima: alonda awiri, kenako mnzake Banquo, yemwe mzukwa wake ukudzakhala pampando wake paphwando, kenako banja la Macduff, nduna ina ya mfumu, kwawo ku Fife.

Dandaulo langa lili pamenepa. Act 4, Scene 3 ndiye pamene pagona nkhani ya kubwezera, koma manotsi angopadutsa ndi timizere tochepa, ngati munthu wopereka moni pamaliro ali panjinga. Macduff ali ku England pamene Ross, nduna inzake, akumuuza kuti mkazi wake, ana ake ndi antchito onse aphedwa. Malcolm, mwana wa malemu Duncan, sakudikira n'komwe kuti bamboyu apume, akumuuza kuti asandutse chisonicho mkwiyo, kubwezera kukhale mankhwala. Macduff akufunsa mobwerezabwereza ngati ndi onse, ngati ndi ana onse. Macduff akumuyankha Malcolm kuti inde adzamenya nkhondo ngati mwamuna, koma ayenera kumvanso ululuwo ngati munthu. Akudziimbanso mlandu kuti anawasiya okha. Pali mzere wina pomwe akunena kuti munthuyo alibe ana, ndipo owerenga amagawanika: akunena Malcolm, yemwe sangamvetse ululu wa kholo, kapena Macbeth, yemwe sungamubwezere mofanana chifukwa alibe mwana woti umuphere? Funso ngati limeneli likanadzaza tsamba lonse lakumanzere. M'malo mwake aikapo chithunzi.

Ndipo kumapeto, Macduff akulowa atanyamula mutu wa Macbeth, akulonjera Malcolm kuti ndiye mfumu. Za mkazi wake ndi ana sakuzitchulanso. Dziko lapeza mfumu, iye abwerera ku Fife kunyumba yopanda anthu. Manotsi akungoti chilungamo chapambana. Ine sindikukhutira nazo, ndipo ndinamuuza mwanayu kuti pamayeso asaope kulemba kuti wobwezera uja palibe chimene chabwerera m'manja mwake, bola apereke umboni wa m'sewero.

Kumapeto kwa buku kuli masamba ochepa a mbiri, ndipo ngoyenera kuwerenga. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Shakespeare anatenga nkhaniyi m'mabuku a wolemba mbiri Holinshed n'kuikhotetsa. Banquo anamuyeretsa chifukwa mfumu James, yomwe inali pampando wa England ndi Scotland nthawi ya Shakespeare, inkati ndi ya mbumba yake. Mwana wochenjera aphunzirapo kuti olemba nawonso amayang'ana nkhope ya mfumu.

Ngati mukugula, gulani mtundu umenewu, koma loyambirira osati la fotokope. Pofika pa Act 4, Scene 3 phimbani tsamba lakumanzere, mugawane mbali, wina akhale Ross, wina Malcolm, wina Macduff, muwerenge mokweza komanso mosathamanga.