Script menu ya pa Mac: patha miyezi 8 tsopano

Kale ma script anga (timapulogalamu tating'ono togwiritsa kompyuta ntchito zobwerezabwereza) anali mbwee paliponse: ena pa desktop, ena mu Downloads, ena m'mafoda oti ndinaiwala mayina ake. Ndikafuna ija yosintha mayina a zithunzi, ndinkatsegula Script Editor (pulogalamu ya pa Mac yolembera ma script), kuisakasaka, kenako n'kudina Run. Ntchito ya kamphindi inkandidyera nthawi.

Ndiye ndinayatsa Script menu. Mumalowa m'makonzedwe a Script Editor, pa General, n'kuchonga kuti menyuyo izioneka pamwamba pa sikirini. Chilichonse chimene mwaika mu foda ya ~/Library/Scripts chimatulukira pamenepo.

Chandisangalatsa koposa m'miyezi yonseyi ndi foda ya Applications ya m'kati mwakemo. Mukapangamo kafoda kotchedwa Finder (dzina la pulogalamu yoonera mafayilo pa Mac), ma script ake amaoneka pokhapokha pamene muli mu Finder. Chimodzimodzinso Mail kapena Safari. M'mawa ndikatsegula Mail, ndimapeza awiri okha: wosunga ma attachment m'foda ya tsikulo, ndi wokopera mitu ya makalata amene ndasankha. Ndikalowa mu Finder, awiriwo amabisala, kumabwera ena. Maso safufuzanso; dzanja limadziwa kale pokagwa.

Mwezi woyamba ndinaunjikamo ma script oposa 30, ndipo menyu inatalika mpaka ndinabwerera ku vuto lakale lija losaka. Ndinachotsa onse amene sabata inkatha osawakhudza. Atsala 11. Mayina ndinawayambitsa ndi manambala, 01, 02, poti menyuyo imasanja motsatira zilembo.

Kanthu kena kamene ndinakadziwa mochedwa: mukagwira batani la Option podina dzina la script, siyithamanga, imatseguka mu Script Editor kuti muikonze. Ndimachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse.

Zondivuta zilipo. Menyuyi ilibe malo ake operekera script iliyonse mabatani achidule a pa kiyibodi, ndipo n'chifukwa chake ena amapita ku FastScripts, pulogalamu ina ya menyu ya ma script imene ili ndi mabataniwo. Ine sindinasamuke, koma script imene ndimaithamangitsa kakhumi patsiku imandikumbutsa nkhaniyi. Komanso kuyambira pa macOS Mojave ya 2018, script ikafuna kulamula pulogalamu ina, kompyuta imayamba yapempha chilolezo. Ndi chitetezo chabwino, kungoti mukakana mwangozi mumayenera kukachikonza ku Automation m'makonzedwe a zachinsinsi.

Mafayilo a .scpt, momwe ma script anga a mu menyu amasungidwira, nawonso sawerengeka ngati mawu wamba, choncho Git, pulogalamu yolondoloza zosintha m'mafayilo, singakuonetseni mzere umene mwasintha. Pano script iliyonse yofunika ndimaisunganso ngati .applescript (fayilo ya mawu wamba) m'foda ina, ndipo ya mu menyu imakhala yongogwirira ntchito. Kusunga kawiri kumatopetsa ndithu, koma mwezi wathawu nditasokoneza script ya zithunzi ija, ndinayerekeza ndi kope lakale, n'kupeza mzere wolakwikawo, ndipo madzulo ake zithunzi 200 zinali zitasinthidwa mayina.