Masamu ndi kompyuta pansi pa nyanja: kafukufuku kapena kampani?

Ngati masamu amakukomerani komanso mumatha kulemba ma code, pali njira ziwiri zolowera ntchito yomvetsera pansi pa nyanja yamchere. Maziko ake ndi amodzi: phokoso m'madzi limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, ndiye sonar, chipangizo choyezera kuya kwa madzi ndi phokoso, ikaponya kaphokoso n'kubwerera patatha masekondi 4, pansi pali pa mamita 3,000. Zophweka eti? Ayi ndithu, liwiro lija limasintha ndi kutentha, mchere komanso kuya kwa madzi, mukangophonya pang'ono mapu amapindika m'mbali ngati mbale.

Njira yoyamba ndi kafukufuku, malo ofufuza za nyanja a ku America ngati Woods Hole ku Massachusetts kapena Scripps ku California. Kumeneko mafunso amakhala anuanu, za anamgumi, za mapiri apansi pa madzi, koma kuti mutsogolere ntchito amafuna PhD, ndipo ndalama za pulojekiti zikatha mwayambanso kulemba ma proposal, zotopetsa heavy. Ntchito yokha ndiye ilipo, pulojekiti ya Seabed 2030 yomwe inayamba mu 2017 ikufuna mapu a pansi pa nyanja zonse koma pojambulidwa bwino ndi pafupifupi kota chabe.

Njira yachiwiri ndi kukampani, komwe zinthu zimathamanga. Mumayeza podutsa ma cable a intaneti, pokumba mafuta kapena poimika makina a magetsi a mphepo, digiri yoyamba imatha kukulowetsani, koma mumatha masabata muli pa sitima, mashifiti a maola 12, kufufuta pa sikirini timadontho tabodza tomwe sonar yayeza molakwika uku mutu ukuzungulira ndi mafunde.

Ine ndikanayambira kukampani kuti manja azolowere sonar yeniyeni, Python ndi MATLAB zolembera ma code zomwezo mudzapita nazo kukafukufuku mukadzafuna.