Kachipangizo Koyezera Mayendedwe: Pamkono, Paphazi Kapena M'chiuno?

Ife amene timathandiza odwala sitiroko ndi okalamba kuno ku Salima tikudziwa kuti munthu akamayesedwa pakhonde la chipatala amadzilimbitsa, choncho mamita 10 amene timamuwerengera nthawi sationetsa mmene amayendera popita kumjigo kapena kudimba. Tizipangizo tovala pathupi, tokhala ndi accelerometer (koyeza kusintha kwa liwiro) ndipo tina ndi gyroscope (koyeza kutembenuka), timalemba kugwedezeka kwa thupi pafupifupi ka 100 pa sekondi, koma phindu lake limadalira pamene mwakamangirira.

Wotchi ya pamkono ndiyo yosavuta kuvala, komabe ine sindiikhulupirira. Imadalira kugwedezeka kwa mkono, pamene mayi wosenza ndowa dzanja lake lili m'mwamba kugwirira, ndipo agogo atsamira ndodo. Kusinja chimanga kapena kukwera kabaza pamsewu wa mabampu, iyo ingathe kuwerenga ngati munthu akuyenda. Foni ya m'thumba ndi yabwinoko, ndipo iPhone inayamba kuyeza kukhazikika kwa mayendedwe mu 2021, kungoti pakhomo pambiri foni imodzi amabwerekana, nthawi zina n'kutsala kotchajitsa.

Kachipangizo ka paphazi ndi kamene kamapambana pa kutalika kwa sitepe ndi kusiyana kwa mwendo wabwino ndi wofooka, chifukwa phazi likaponda limaima kanthawi kochepa, ndipo kompyuta imagwiritsa ntchito kanthawi kameneko kukonza zolakwika za muyeso. Tsono kamafuna nsapato ya zingwe, osati patapata, komanso mumchenga wa ku Senga Bay phazi limatitimira n'kutsetsereka, moti kuimako sikuoneka bwino. Ndimakasungira mayeso aafupi pabwalo lolimba.

Pofuna kudziwa za sabata yathunthu, ndimasankha kamodzi ka m'chiuno chakumbuyo, pafupa la msana lotchedwa L5, monga Axivity AX6 ya ku Britain. Kafukufuku wa Mobilise-D, amene anayamba ku Ulaya mu 2019, anaonetsa kuti malo a m'chiunowa amapereka muyeso wodalirika wa liwiro la mayendedwe, ngakhale kuti kulondola kumachepa kwa oyenda pang'onopang'ono ndi pamaulendo aafupi kwambiri. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, popeza amene sakwanitsa mamita 0.8 pa sekondi ndiwo tikuwafuna kwambiri. Kutentha kwa Okutobala kumamatulanso pulasitala yomatira kachipangizoka, choncho lamba wa lasitiki pansi pa chitenje amagwira bwino, ndipo kwa mayi wobereka mwana kumbuyo, popeza mwanayo angasokoneze muyeso, muzimupempha wachibale kuti azilemba maola amene mwanayo anali kumbuyo.