Za ntchito yogwetsa nyumba ndi mabomba kuno ku Joni

Abale anga, vidiyo ija ya nyumba ya Bank of Lisbon ikugwa ku Johannesburg pa 24 November 2019 ikuzungulirabe pa WhatsApp, ndipo madobadoba aisandutsa nyambo. Nyumbayo anaigwetsa itapsa mu 2018, pa moto womwe unapha ozimitsa moto atatu. Aliyense akaona mmene inakhalira pansi m'kanthawi kochepa amati ntchitoyi ndi yophweka, ndalama zake n'zankhaninkhani.

Ine ndinagwira pa nyumba ina. Dobadoba anandidya R3,500 ati andiphunzitsa kuphulitsa, chiphaso chibwera pambuyo. Bodza lenileni! Malamulo a zophulitsira kuno amayang'anira ndi apolisi, ndipo wozikhudza ndi yekhayo amene ali ndi laisensi. Mlebala ngati ine ngakhale bokosi lake sasendera pafupi.

Ntchito yathu inali yokonzekera, ndipo imatenga miyezi. Timachotsa mawindo, zitseko, mapaipi ndi makoma osanyamula katundu mpaka nyumba itsale mafupa okhaokha. Kenaka kuboola nsanamira za konkire, mabowo mazanamazana, pamalo pomwe injiniya walemba ndi penti. Ukaweruka manja amanjenjemerabe, kapu ya tiyi kulephera kuigwira, mamina otuwa ndi fumbi. Nsanamirazo timazikulunga ndi waya wa mpanda ndi nsalu yokhuthala kuti zibenthu zisaulukire kwa anthu. Mabomba amangothyola nsanamira motsatizana, ina kenaka inzake, nyumba n'kugwera mkati chifukwa cha kulemera kwake komwe. Tsikulo misewu imatsekedwa, anthu amachotsedwa, sayirini imalira, ndipo fumbi likatsika woyamba kulowa ndi wophulitsa uja, kukaona ngati pali bomba lomwe silinaphulike.

Malipiro oyamba ndi omwe anandiwawa. Jombo ndi chisoti anadula R600, kuyezedwa kuchipatala R450, galimoto yomwe anati ndi yaulere R40 tsiku lililonse. Chophimba kumphuno chinali chapepala, chimodzi sabata yonse, m'nyumba yakale momwe ena ankachotsa asbestos, chomangira chakale chomwe fumbi lake limawononga mapapo, atavala thupi lonse.

Ananditsegula maso ndi mayi wina wopezera anthu ntchito, yemwe sanandilipiritse kanthu. Anati lamulo la chitetezo pa ntchito la 1993 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito zovala zodzitetezera, ndipo la 2014 limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Sanandinyengerere, anati wopanda mapepala amaopa kukadandaula, n'chifukwa chake mabwana otere amatifuna ifeyo.

Tsono achimwene mukugulitsa munda kuti mudzakhale wophulitsa, mwapenga kodi? Aliyense wofuna ndalama musanayambe ntchito, mukaneni. Kontrakiti muione yolembedwa, zodula zonse zili pomwepo, ndipo mufunse tsiku lothera. Yathu inatha tsiku lomwe nyumba inagwa, zinyalala anatola ndi makina, ndipo malipiro a sabata yomaliza mpaka lero sitinawaone.